Klachi ya galimoto yothamanga yakale: ndalama zimathera pati?

Eni magalimoto othamanga akamva mtengo wokonzera klachi, ambiri amandifunsa funso limodzi: "Amakaniko, kambale koti munthu anyamula ndi dzanja limodzi, mtengo wafika pamenepa bwanji?" Funsoli n'lomveka, ndipo woyankha mwachidule amaoneka ngati wakuba. Zoona zake n'zakuti mbale ya klachi imadya gawo lochepa la ndalamazo. Zambiri zimathera pa ntchito yoifikira mbaleyo, komanso pa zitsulo zina zimene timakazipeza zitatha tikatsegula.

Klachi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chozungulira chotchedwa flywheel. Mbale ya klachi imapanikizidwa pa chitsulochi ndi pressure plate, ndipo mphamvu ya injini imadutsa pamenepo kupita ku magiya. Mukaponda klachi, release bearing imamasula kupanikizako, mphamvu n'kuduka, inu n'kulowetsa giya. Nthawi iliyonse imene mukunyamuka, mbale imakhulana ndi flywheel kwa kanthawi n'kuperepeseka pang'ono. Inapangidwa kuti izitha, ndipo galimoto yamphamvu imaimaliza msanga.

Titenge Toyota Altezza, imene inkapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005 ndipo achinyamata kuno amaikonda. Ya mtundu wa RS200 ili ndi injini ya 3S-GE, magiya 6, ndipo imakankhidwa ndi matayala akumbuyo. Kuti ndione klachi yake ndiyenera kuikweza m'mwamba, kumasula ekizozi, kuchotsa propshaft, sitata ndi ndodo ya magiya, kenako kusaka mabawuti apamwamba pa giyabokosi, amene maso sawaona, timangowapapasa ndi zala. Pomaliza anthu awiri amatsitsa giyabokosi mosamala. Galimoto ya zaka zoposa 20 ili ndi mabawuti odyeka ndi dzimbiri, makamaka a ekizozi. Limodzi likathyokera m'kati, kuliboola n'kulitulutsa kumatha kudya theka la tsiku.

Subaru Impreza WRX imayendera matayala onse anayi, choncho zomasula zimachuluka: intercooler pamwamba, paipi yochokera ku turbo, ndi mashafuti akutsogolo. Zakale za turbo zili ndi klachi yochita kukoka, ndipo pali kachitsulo kogwira foloko ya klachi kamene kayenera kusololedwa giyabokosi isanalekane ndi injini. Makaniko wosadziwa zimenezi amakanula ndi chitsulo mpaka kuthyola zinthu zimene zinali bwinobwino. Porsche 944, ya 1982 mpaka 1991, ndiye imatopetsa koposa: injini ndi klachi zili kutsogolo, giyabokosi ili kumbuyo, zolumikizidwa ndi chubu chachitali. Giyabokosi ichoke kaye, chubu chikankhidwe m'mbuyo, klachi ndiye ioneke. Ntchito yotere imatha masiku awiri kapena kuposa.

Ndalama zina zimatuluka giyabokosi ikatsika. Timapeza fumbi lakuda lonunkha chipsereza, mbale itaperepeseka mpaka timisomali take tikung'anima, ndipo pa flywheel pali mawanga a buluu osonyeza pamene chitsulo chinapsa. Flywheel yachitsulo chimodzi timaipititsa kumakina kukaipala n'kuibwezera. Koma Altezza RS200, monga magalimoto ambiri othamanga a nthawi imeneyo, ili ndi dual mass flywheel: zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i m'kati, ochepetsa kunjenjemera kwa injini. Masipuling'iwo akatopa, zitsulo ziwirizo zimagwedera ukazigwira ndi manja, ndipo galimoto imagogoda poliza ndi pozimitsa. Yotere sitikonza, timasintha, ndipo mtengo wake umatha kuposa wa klachi yonse. Ena amasankha kuikamo yachitsulo chimodzi. Imatsika mtengo ndipo imakhalitsa, koma mwini adziwiretu kuti giyabokosi izimveka phokoso injini ikamalira galimoto itaima.

Kumbuyo kwa flywheel kuli oyilo silo wa crankshaft, kamphira kotchipa kamene kamauma ndi ukalamba. Kakayamba kudontha, oyilo amafika pa mbale yatsopano, klachi n'kuyambanso kuterereka. Palinso pilot bearing pakati pa flywheel. Ndikauza munthu kuti tisinthe zonsezi pamodzi, sindikufuna kumukama. Munthu wosasula malata kuti asinthe mtanda umodzi wofumbwa sasiya unzake woyamba kufumbwa, chifukwa kusasulako ndiko kodula. Mukasintha mbale yokha, n'kusiya release bearing yakale, ikadzayamba kulira mudzalipiranso ntchito yonse ija yotsitsa giyabokosi.

Masipeya nawo ali ndi nkhani yake. A magalimoto wamba amapezeka m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe tsiku lomwelo. A galimoto yothamanga yakale nthawi zambiri timachita kuitanitsa ku Japan, Dubai kapena Johannesburg. Amagulidwa ndi ndalama zakunja, pamwamba pake pali zonyamulira ndi msonkho. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zitsulo zoterezi inakwera nthawi yomweyo. Mpake kuti klachi ya kaunjika imakopa. Koma chitsulo chimene ntchito yake ndi kuperepeseka sichigulidwa chogwiritsidwa kale ntchito, poti simudziwa kuti chatsala ndi moyo wotani. Klachi za mpikisano nazo musazithamangire ngati injini yanu sinawonjezeredwe mphamvu: zimagwira mwankhanza, zimatopetsa mwendo mumzere wa magalimoto, ndipo zimadya flywheel.

Si vuto lililonse la klachi limene limafuna kutsitsa giyabokosi. Ngati pedulo ikumira yokha pansi, kapena magiya akukana kulowa injini ikulira, tiyambe taona master cylinder ndi slave cylinder. Pa Altezza zonse ziwiri zili kunja kwa giyabokosi, ndipo kuzikonza n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi klachi. Mbale yakutha mungaizindikire nokha. Pamtunda, muli pa giya yapamwamba, pondani mafuta. Injini ikakweza mawu koma liwiro osawonjezeka, klachi ikuterereka. Musadikire, chifukwa kutentha kwa kuterereka kumeneko ndiko kumawotcha flywheel, ndipo ntchito imene ikanathera pa klachi yokha imakula kawiri.

Moyo wa klachi uli pa phazi lamanzere la woyendetsa. Kugoneka phazi pa pedulo mukuyenda, kuimika galimoto pamtunda ndi klachi m'malo mwa handibuleki, kunyamuka molilitsa matayala kuti anthu acheuke, zonsezi zimalipiridwa pa galaja.

Tsiku lokonzetsa likafika, pemphani makaniko akulembereni padera mtengo wa masipeya ndi wa ntchito. Mufunseni ngati anatsitsapo giyabokosi ya galimoto ya mtundu wanu. Giyabokosi ikatsika, bwerani mudzaone flywheel ndi maso anu musanavomere kugula ina, ndipo zitsulo zakale akubwezereni. Makaniko wachilungamo sakana zimenezi. Ndipo ngati ndalama sizikukwana kusintha zonse pamodzi, iimikeni galimotoyo mwezi umodzi mukusonkhanitsa, kusiyana n'kulipira ntchito imodzi kawiri.