Amakanika a ndege ndi geji yosakhazikika ku Tete

Anthu a m’dera la Mateus Sansão Muthemba mumzinda wa Tete amamva kandege kakulira kumwamba, kakutsikira kubwalo la Chingodzi kutsidya kwa Zambezi, koma amene amakatsegula injini samuona. Amakanika a ndege ndi ochepa, ndipo ku Mozambique sangavomereze kuti ndege iuluke popanda chiphaso cha bungwe loona za ndege la IACM. Limodzi mwa madandaulo a oyendetsa ndege amene amazunguza mutu amakanika ndi lakuti: “Manambala a mafuta akungodumphadumpha.”

Funso loyamba la makanika wodziwa ntchito ndi lakuti: kodi ikunama ndi geji, kapena injini ikuperewedwadi mafuta? Kusintha geji msangamsanga n’kosavuta, koma n’kuika miyoyo ya anthu pachiswe.

Ku Tete amayamba kukayikira dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo petulo wa ndege za mapisitoni ngati Cessna 206, uja wabuluu wotchedwa 100LL, sachedwa kusanduka nthunzi m’mapayipi. Ndege ikamakwera mpweya umapepuka, vuto n’kukula. Kachipangizo koyeza mafuta kali ndi kagudumu kamapiko kamene kamazungulira mafuta akamadutsa, n’kumadula kuwala kuti kuwerengedwe. Thovu likalowa, kagudumuko kamathamanga mosokonekera ndipo manambala amapenga. N’chifukwa chake makanika amafunsa woyendetsa ngati anayatsa pampu yamagetsi. Manambala akakhazikika pampuyo itayaka, ndiye kuti muli nthunzi kapena mpweya ukulowera polumikizira pena. Apo amafufuza payipi yodutsa pafupi ndi ekizozi, chophimba choteteza kumoto chong’ambika, kapena kachipangizo komangidwa pamalo onjenjemera.

Mawaya nawo ali ndi mlandu wawo. Waya wokhwefuka, kapena woyenda limodzi ndi mawaya a mapulagi, amabweretsa manambala abodza injini ili bwinobwino.

Msampha woopsa uli m’ndege zakale. Geji yake yolembedwa magaloni pa ola siyeza kuyenda kwa mafuta ayi, imayeza mphamvu imene mafuta akukankhira. Kanozulo kamodzi kopopera mafuta kusilinda kakatsekeka ndi kachitsotso, mphamvuyo imakwera, muvi n’kuonetsa kuti mafuta achuluka pamene silinda imodzi ikuvutika ndi njala. Woyendetsa wosadziwa amachepetsa mafuta, n’kuwonjezera vuto. Makanika amayang’ana kutentha kwa utsi wa silinda iliyonse, kenako amamasula manozulo, aliyense m’kabotolo kake, n’kuyatsa pampu. Botolo lotsalira m’mbuyo ndilo limaulula wolakwa. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, ndipo n’zomvetsa chisoni kuti eni ndege ena amalolera kuitanitsa geji yatsopano ku Johannesburg asanaiyese.

Pali ntchito ina yonyozeka imene imapulumutsa anthu: kukha mafuta pansi pa phiko ndi kakapu koonekera mkati. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi pa kapuyo. Kumabwalo akumidzi, kumene mafuta amathiridwa kuchokera m’migolo, fumbi ndi madzi zimalowa mosavuta, ndipo sefa imafunika kutsegulidwa kawirikawiri.

Akakonza, makanika amaliza injini ndege ili pansi, ndipo pambuyo pa maulendo angapo amafanizira malita amene geji yawerenga ndi amene athiridwa m’thanki. Zikasiyana, amasintha nambala yowerengera ya kachipangizo kaja. Zonse amazilemba m’buku la ndegeyo, n’kusayina ndi nambala ya chiphaso chake.