Dar es Salaam: Nyumba zidatsogola, misewu idatsalira

Amalawi amene amapita kukaoda katundu ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania amaudziwa bwino msewu wa Morogoro. Basi ikangodutsa Kibaha, ena amayamba kusonkhanitsa zikwama poganiza kuti afika. Koma ayi ndithu. Nyumba zimangondondozana, galimoto n'kumachulukirachulukira, ndipo potsika padepoti ya Magufuli ku Mbezi pamakhala patatsalabe makilomita oposa 15 kuti munthu akafike pamsika wa Kariakoo. M'mawa ndi madzulo, kamtunda kameneka kamatha kudya ola lathunthu kapena kuposera apo.

Ambiri amaloza chala kuchuluka kwa galimoto. Koma gwero la vutoli ndi momwe mzindawu udakulira: nyumba zidatsogola, misewu n'kumabwera pambuyo.

Dar es Salaam adayamba m'zaka za m'ma 1860 pomwe Majid bin Said, mfumu ya chilumba cha Zanzibar, adamanga doko pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima. Mu 1891 Ajeremani adakhazikitsapo likulu lawo, ndipo mu 1916 mzindawu udalowa m'manja mwa Angerezi. Atsamunda adaugawa patatu: azungu m'mbali mwa nyanja, amwenye pakati pomwe padali masitolo, ndipo anthu akuda adawapatsa Kariakoo, kuseri kwa bwalo la Mnazi Mmoja lomwe adalisiya dala lopanda nyumba kuti liwalekanitse.

Ngakhale kagawidweka kadali ka tsankho, Kariakoo adayamba ndi misewu nyumba zisadadzadze. Misewu yake ndi yowongoka ndipo imapingasana pafupipafupi ngati ukonde. Umodzi ukatsekeka, woyenda amangokhota n'kulowa wina. N'chifukwa chake malowa akutha kunyamula nyumba zosanjikizana komanso khwimbi la ogula ndi ogulitsa, ngakhale kuti lero ndi othithikana zedi.

Dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira mu 1961, malamulo oletsa anthu akumudzi kukhala m'tauni adatha ndipo anthu adayamba kukhamukira mumzindawu. Kalembera wa 1967 adapeza anthu pafupifupi 273,000. Mu 1988 adali 1.36 miliyoni, mu 2002 pafupifupi 2.5 miliyoni, mu 2012 adafika 4.36 miliyoni, ndipo wa 2022 adapeza 5.38 miliyoni. Ngakhale ganizo la mu 1973 losamutsira likulu la dziko ku Dodoma silidabweze anthu, poti doko ndi malonda zidatsala komweko.

Kum'mawa kuli nyanja yamchere ya India, choncho mzinda udalibe kolowera koma kumtunda. Udatambasuka motsatira misewu inayi ikuluikulu: wa Bagamoyo kumpoto, wa Morogoro kumadzulo, wa Nyerere wopita kubwalo la ndege, ndi wa Kilwa kummwera. Pamapu umaoneka ngati dzanja. Chikhatho ndi pakati pa mzinda pomwe pali doko, misewu inayi ija ndiyo zala.

Malo a m'mbali mwa misewuyi atatha, anthu adayamba kudzaza mipata ya pakati pa zalazo. Mwini munda amadula kapuloti n'kugulitsa, mawa n'kudulanso kena. Kusiya malo a msewu kudali ngati kutaya ndalama, motero pamangotsala kanjira koti munthu adutse ndi chidebe cha madzi. Umo ndi momwe madera ngati Manzese, Tandale, Buguruni ndi mbali yaikulu ya Mbagala adakulira. Boma lidalemba mapulani a mzinda mu 1949, 1968 ndi 1979, ndipo m'zaka za m'ma 1970 lidayeza mapuloti ndi misewu ku Sinza ndi Kijitonyama mothandizidwa ndi World Bank, koma anthu amabwera mwaliwiro kuposa oyeza malo. Malipoti ambiri amati anthu 7 mwa 10 alionse mumzindawu amakhala m'malo osayezedwa.

Zotsatira zake zili pawiri. Choyamba, tinjira tambiri m'maderawa timakathera pakhomo pa munthu kapena m'khwawa. Nyumba ikapsa, galimoto yozimitsa moto imaima kutali. Wodwala amayamba wanyamulidwa m'manja kukafika pomwe ambulasi yalekezera, ndipo galimoto zotola zinyalala kapena zopopa zimbudzi sizifika n'komwe. Njinga zamoto zotchedwa bodaboda ndi timagalimoto ta matayala atatu ta bajaji ndizo zimalowa m'mipata yotere.

Chachiwiri, misewu yolumikiza chala china ndi chinzake ndi yochepa. Yodziwika ndi wa Mandela, wochokera kudoko kukafika ku Ubungo, ndi wa Sam Nujoma wopitiriza mpaka ku Mwenge. Choncho mwana wasukulu, mayi wageni, minibasi za daladala ndi thiraki yochokera kudoko, onse amakumana pamphambano zomwezomwezo. Mtsinje wa Msimbazi ukasefukira pa Jangwani, monga zidachitikira mu Disembala 2011 pomwe madzi adapha anthu ambiri, msewu wa Morogoro umaduka ndipo njira zozembera zimakhala zowerengeka.

Boma la Tanzania silidangokhala. Mu 2016 lidatsegula mabasi othamanga a mwendokasi, omwe adayamba ndi njira yawoyawo ya makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni ndi nthambi zake. Chaka chomwecho lidatsegula mlatho wa Nyerere wotalika mamita 680 wopita ku Kigamboni, komwe kale anthu amadalira pantoni kapena kuzungulira mtunda wautali. Msewu wodutsa pamwamba wa Mfugale pamphambano ya Tazara udatsegulidwa mu 2018, wa Kijazi ku Ubungo mu 2021, ndipo mlatho wa Tanzanite mu 2022.

Koma kubooleza msewu pomwe anthu adamanga kale sikumachitika popanda misozi. Mu 2017, pokonzekera kukulitsa msewu wa Morogoro kuyambira ku Kimara, nyumba zambirimbiri zidagwetsedwa, boma likunena kuti zidamangidwa m'malo a msewu. Mabanja omwe adasonkha ndalama kwa zaka adagona panja. Komanso milatho ndi misewu yapamwamba imangomasula zala zinayi zija. Kanjira ka ku Tandale sikakula chifukwa ku Ubungo kwamangidwa msewu wosanjikiza.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi chifukwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pomwe nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za Beira ndi Nacala, mafuta, galimoto ndi katundu wina wambiri amadzera padoko limeneli kubwera pa Songwe. Thiraki ikachedwa kutuluka mumzindawo, mtengo wake umadzagwera wogula ku Karonga kapena ku Kasungu.

Palinso phunziro lapafupi. Ndirande ndi Mtandire adakula chimodzimodzi, ndipo misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Jenda, Mponela ndi Lizulu ikukula mondondoza msewu umodzi, mapuloti n'kumadulidwa kuseri kwa masitolo. Akuluakulu adati kuwongola mtengo mpoyamba. Mfumu, khonsolo ndi banja logulitsa malo akagwirizana lero kusiya mpata woti galimoto ziwiri zipatukirane, komanso kuti kamsewu kalikonse kakatulukire mumsewu wina, adzukulu sadzaona nyumba yawo ikulembedwa chizindikiro cha penti yofiira.