Alendo m'midzi ya Asaramaka

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, kumpoto kwa South America, kuli dziko lotchedwa Suriname. Likulu lake ndi Paramaribo. Anthu ambiri a m'dzikomo amakhala kufupi ndi nyanja, koma kumwera kuli nkhalango yowirira, ya mitengo italiitali, kumene mvula siichedwa kugwa. M'nkhalangomo, m'mphepete mwa mitsinje, muli midzi ya anthu akuda otchedwa Amaruni. Makolo a anthu amenewa adachokera kuno ku Afrika.

Nanga adafika bwanji kutali chotere? Kuyambira chaka cha 1667 dziko la Suriname lidali m'manja mwa Azungu a ku Holland. Azunguwo adali ndi minda ikuluikulu ya nzimbe, ndipo olima m'mindamo adali akapolo ogwidwa kumadzulo ndi pakati pa Afrika. Ntchito idali yakalavulagaga, ndipo zilango zidali zoopsa. Motero akapolo ena ankathawa, nalowa m'nkhalango, nakwera mitsinje kufikira kuseri kwa mathithi kumene mabwato a asilikali ankavutika kudutsa. Asilikaliwo ankawalondola ndithu, nkumatentha midzi ndi minda yawo, koma othawawo sadagonje. Potsiriza Azungu ndiwo adatopa, navomera mtendere. Mtundu wa Andyuka udachita nawo pangano m'chaka cha 1760, ndipo Asaramaka adachita lawo mu 1762. Ukapolo udathetsedwa mu Suriname m'chaka cha 1863, apo nkuti Amaruni atakhala kale mfulu zaka zana limodzi.

Mitsinje ija idatchinjiriza makolo awo ndiyo lero imabwera ndi alendo. Anthu ochokera m'maiko akutali amakonda kukaona midzi ya Asaramaka, imene idandandalika m'mbali mwa mtsinje wa Suriname. Mlendo amanyamuka ku Paramaribo m'mawa pa galimoto, kulunjika kumwera. Panjira amadzera kufupi ndi nyanja ya Brokopondo. Nyanja imeneyi siyachilengedwe ayi. Idapangika pamene adatseka mtsinje ndi damu la magetsi pa Afobaka, lomwe lidatha kumangidwa mu 1964. Madzi atakwera adamiza midzi yambiri pamodzi ndi minda ndi manda, ndipo anthu pafupifupi 6,000 adasamutsidwa. Akuluakulu sadaiwale zimenezi.

Msewu umathera pa dooko la Atjoni. Kuchokera pamenepo msewu wake ndi mtsinje basi. Bwato la Asaramaka amalisema kuchokera ku mtengo umodzi waukulu. Akalikumba m'kati amalitenthetsa ndi moto kuti litambasuke, kenaka nkukhomera matabwa m'mbali mwake. Masiku ano kumbuyo kwake amamangako injini. M'bwatomo mumakwera anthu, matumba a simenti, migolo ya mafuta, ngakhale ana opita ku sukulu. Pofika pa mathithi, amene ku Suriname amawatcha sula, madzi amathamanga mwaukali pakati pa miyala. Woyendetsa amakhala kumbuyo, mnzake amaima kutsogolo ndi mtengo m'manja, maso ali pamadzi. Anthu amenewa amadziwa mwala uliwonse monga munthu adziwira njira ya kumunda kwake. M'chilimwe madzi akachepa, okwera amatsika ndi kuthandizana kukoka bwatolo.

Choyamba chimene mlendo amaona pofika pamudzi ndi amayi ali padooko, ena akuchapa zovala pamiyala, ena akutsuka miphika mpaka kung'anima, ana akusambira chapafupi. Akakwera kumtunda amapeza chipata chachilendo. Ndi mitengo iwiri yozikidwa pansi, wina wopingasa pamwamba, ndipo pamtengo wopingasawo pamalendewera masamba anthete a kanjedza. Chipatachi dzina lake ndi azanpau. Aliyense wolowa m'mudzi ayenera kudzera pansi pake kuti masambawo amkhudze, pakuti eni mudzi amakhulupirira kuti potero zoipa zonse zimatsala kunja. Kulambalala chipatacho ndi mwano waukulu. Midzi imene idalandira Chikhristu kalekale ilibe chipata chotere.

Mlendo waulemu sayamba kuyendayenda asanaonekere kwa mwini mudzi. Nyakwawa ya mudzi amaitcha kabiteni, ndipo ili ndi athandizi otchedwa basia, amuna ndi akazi omwe. Mfumu yaikulu ya Asaramaka onse ndi gaama, ndipo likulu lake lili ku Asidonhopo, kumtunda kwenikweni kwa mtsinje. Pa nkhani ya banja, mwambo wawo ngofanana ndi wa Achewa. Mwana amawerengedwa wa kuchikazi, malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndipo malo olima ndi a fuko la amayi.

Nyumba zakale za Asaramaka nzazing'ono, zofolera ndi masamba a kanjedza, ndipo khomo lake ndi lalifupi kotero kuti munthu amalowa chowerama. Lero zambiri nza malata. Chokopa maso ndi luso la zosemasema. Mwamuna amasema mpando, chipeso, nkhafi kapena mthiko, nkuzilocha ndi mizere yolukanalukana, ndipo zambiri mwa izo amapatsa mkazi wake ngati mphatso. Amayi nawo amalemba maluwa m'kati mwa zikho ndi kusoka nsalu zovala m'chiuno zotchedwa pangi. M'mudzi wa Pikin Slee muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, momwe alendo amaona ziwiya zotere.

Chakudya chawo ndi mpunga, chinangwa, nthochi, mtedza ndi nsomba. Chinangwa chowawa amachipala, nkuchifinya m'dengu lalitali lolukidwa kuti madzi aululu achoke. Ufa wake amaupima pa chiwaya chachikulu, nkuphika mikate yopyapyala imene amayanika padenga. Koma mpunga ndiwo uli ndi mbiri. Asaramaka amasimba za mayi wina dzina lake Paanza, amene pothawa ukapolo adabisa njere za mpunga m'tsitsi lake. Atafika m'nkhalango adamasula tsitsilo, njerezo zidagwa, ndipo anthu adapeza mbewu. Amaruni amalimabe mitundu ina ya mpunga yodziwika ndi maina a amayi otere. M'chaka cha 2016 akatswiri a zomera adalengeza kuti mpunga wina wakuda wolimidwa ndi Amaruni ngwapachibale ndi mpunga wa ku Ivory Coast.

Sikuti zonse za m'mudzi nzoonetsa alendo. Pakati pa mudzi pamakhala mtengo wozikidwa, wokoloweka nsalu, pomwe anthu amathira nsembe kwa mizimu ya makolo. Pamenepo mlendo sakhudza kanthu, ndipo sajambula chithunzi popanda chilolezo. Ngakhale munthu wamba sajambulidwa asanapemphedwe. Alendo ena amaiwala kuti mudziwo ndi kwawo kwa anthu, nkumasuzumira m'makomo ngati ali pamsika, ndipo khalidwe lotere limakwiyitsa eni ake. Palinso mbiri ya nthawi yothawa ndi ya nkhondo, imene akuluakulu amaisunga mosamala kwambiri. Saikamba pagulu, ndipo saikamba yonse nthawi imodzi. Nkhalamba imauza mdzukulu wake pang'onopang'ono, kawirikawiri m'bandakucha anthu ena ali m'tulo. Mlendo wa masiku awiri asayembekeze kumva zimenezo.

Madzulo alendo amagona m'timanyumba ta matabwa, tina tomangidwa pa zilumba za mumtsinje. Nthawi zina amayi amabwera kudzaimba, akuwomba m'manja atawerama, mmodzi akutsogolera anzake akuvomera. Ndalama za alendo zimathandiza oyendetsa mabwato, ophika ndi osema, ndipo zimachititsa kuti achinyamata ena asathawire ku tauni kapena ku migodi ya golide.

Komabe chimene Asaramaka amadera nacho nkhawa koposa ndi nthaka. M'zaka za m'ma 1990 boma lidapereka zilolezo kwa makampani odula mitengo m'nkhalango yawo, eni ake osafunsidwa. Amayi ena popita kumunda adapeza njira zotsekedwa ndi mitsinje ing'onoing'ono itaonongeka. Pamenepo Wanze Eduards, kabiteni wa ku Pikin Slee, ndi Hugo Jabini, amene ankaphunzira zamalamulo, adayenda pabwato mudzi ndi mudzi kusonkhanitsa anthu. Asaramaka adajambula mapu oonetsa minda yawo, malo osakako nyama ndi malo opatulika, nakasuma ku bwalo lalikulu loona za ufulu wa anthu m'maiko a ku America. M'chaka cha 2007 bwalolo lidagamula kuti Asaramaka ali ndi ufulu pa nthaka ya makolo awo, ndi kuti boma liyenera kuwafunsa lisanalole ntchito zazikulu m'deralo. Mu 2009 amuna awiriwo adalandira mphotho ya Goldman, imene imaperekedwa kwa oteteza chilengedwe. Zaka zambiri zidapita chigamulocho chisanatsatidwe mokwanira, ndipo mafumu a Asaramaka adapitiriza kulemba makalata ndi kutumiza nthumwi ku Paramaribo kukakumbutsa boma.