Zoyenera Kuchita Dayi wa Tsitsi Akavuta

Imvi sizipweteka, koma anthu ambiri safuna kuti zioneke. N'chifukwa chake m'misika ya m'boma la Mulanje, monga ku Chitakale, ku Limbuli ndi ku Nkando, anthu amagula timapaketi ta dayi wakuda, makamaka ukwati kapena Khirisimasi ikayandikira. Munthu amasungunula yekha dayiyo kunyumba, nadzipaka kumutu. Nthawi zina zotsatira zake sizikondweretsa. Tsitsi limada ngati makala, kapena limatuluka mawangamawanga, mphumi ndi makutu n'kudanso. Apo ambiri amathamangira kukonza mtundu wa tsitsi, naiwala khungu limene lili pansi pake. Koma ngozi yeniyeni ili pakhungupo.

Chimene chili mu dayi

Dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala otchedwa para-phenylenediamine, mwachidule PPD. Mankhwalawa amalowa m'kati mwa tsitsi ndi kukhazikika momwemo, motero sopo sawachotsa. Matupi a anthu ena amadana nawo, ndipo kawirikawiri zizindikiro zimachedwa kuoneka mpaka patapita tsiku 1 kapena masiku 3. Mutu umayabwa ndi kutentha, kuseri kwa makutu ndi m'khosi kumatuluka ziwengo kapena matuza, zikope n'kutupa. Ngakhale munthu amene wakhala akudaya zaka zambiri popanda vuto angathe kuyamba kudana nawo, ndipo thupi likatero silisinthanso moyo wonse.

Chithandizo choyamba

1. Khungu likayamba kutentha kapena kuyabwa dayi ali kumutu, munthu asadikire kuti nthawi ikwane. Atsuke mutu msanga ndi madzi ambiri aukhondo ndi sopo wosambira, osapala ndi zikhadabo.

2. Dayi akalowa m'maso, atsukidwe ndi madzi aukhondo kwa mphindi 15, kenaka munthuyo apite kuchipatala.

3. Ziwengo kapena matuza zikatuluka, apite kuchipatala chapafupi atanyamula paketi ya dayiyo. Kumeneko amapereka mankhwala opaka monga hydrocortisone ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa. Matuza asabooledwe, chifukwa pachilonda pamalowa tizilombo.

4. Milomo, lilime kapena khosi zikatupa, kapena kupuma kukavuta, imeneyo ndi ngozi yoika moyo pachiswe. Wodwalayo atengeredwe nthawi yomweyo, usana kapena usiku, kuchipatala chapafupi kapena chachikulu monga Mulanje District Hospital ndi Mulanje Mission Hospital.

Zosayenera kuchita

Ena amayesa kuchotsa dayi ndi Jik kapena parafini. Zimenezi zimatentha khungu ndi kuthothola tsitsi. Komanso dayi wina ali ndi amoniya, ndipo Jik akakumana ndi amoniya pamatuluka mpweya woononga mapapo. Ena amapaka dayi wachiwiri tsiku lomwelo, kapena mankhwala owongolera tsitsi. Kutero n'kuwonjezera moto pakhungu limene lapsa kale.

Kukonza mtundu wa tsitsi

Ngati khungu lili bwino ndipo vuto ndi maonekedwe okha, mankhwala ake ndi kuleza mtima. Madontho akuda a pamphumi ndi m'makutu amachepa akapakidwa Vaseline kapena mafuta ophikira n'kupukutidwa pang'onopang'ono ndi kansalu. Otsalawo amatha okha m'masiku ochepa. Kutsuka mutu ndi sopo tsiku ndi tsiku kumazilalitsa kuda kopitirira, ngakhale sikukuchotsa konse. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, choncho mwini tsitsi lalifupi angathe kumeta, latsopano n'kumera. Wofuna kudayanso pofuna kufananitsa mawanga adikire milungu 4 kapena kuposerapo. Koma amene anatulukapo ziwengo asadzagwiritsenso ntchito dayi wa PPD, ngakhale wa dzina lina.

Kupewa

Asanadaye, munthu apake kadontho ka dayi wosungunula kuseri kwa khutu nadikire maola 48. Pakafiira kapena kuyabwa, dayiyo atayidwe. Wa zilonda kapena chipere kumutu asadaye. Popaka avale magolovesi, ndipo asapitirize mphindi zolembedwa papaketi. Dayi wotsala asasungidwe m'kapu kapena m'botolo la zakumwa, pakuti mwana akamumwa khosi limatupa, impso zimaonongeka, ndipo angathe kumwalira.

Ukwati ukafika mtundu wa tsitsi usanakonzeke, duku kapena chipewa chimabisa zonse, khungu n'kupeza mpata wochira.