Ndege imauluka chifukwa cha otsala pansi

Sabata yatha ndinali kwathu ku Nkaya kukazonda achemwali anga. Tili pakhonde chakumadzulo, sitima ya malasha ikudutsa ngati sidzatha, mwana wawo wachisamba, amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anandikokera pambali.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "ine ndikufuna usilikali, koma wa ndege. Ndikufuna ndidzakhale pailoti."

Ndinamufunsa ngati akumudziwa amene amathira mafuta m'ndegemo, amene amamanga mabawuti ake, ndi amene amaitanitsa matayala akaperepeseka. Anaseka. Ati zimenezo n'za amakanika, iye sanavutike ndi masamu zaka zinayi kuti azikanunkha girisi.

Sindinamudzudzule ayi. Nanenso pa msinkhu wake ndinkakonda zonyezimira, mwina n'chifukwa chake ku yunivesite ndinachokako ndisanamalize. Koma yankho lakelo landikhala pamtima, chifukwa si maganizo a iye yekha. Ambirife timaombera m'manja amene wagwira chiwongolero, osamuona amene wachititsa kuti chiwongolerocho chimvere.

Chodabwitsa n'chakuti mwana wa pa Nkaya ndiye amayenera kuzidziwa bwino zimenezi. Pa Nkaya ndi pamphambano ya njanji. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima imakumana pomwepo ndi ija inatsegulidwa m'chaka cha 1970, yowoloka Shire pa Liwonde n'kudzera ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. M'zaka za m'ma 2010 kunabweranso ina yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Aliyense wokulira pamenepa waonapo anthu a maovolosi akuyenda wapansi m'mbali mwa njanji dzuwa lili paliwombo, ena akusuzumira kunsi kwa mabogi kuona mabuleki. Dalaivala wa sitima sasankha yekha kolowera, amapita kumene ena amutsegulira. Anthu amenewa atangonyanyala ntchito, sitima yonse ija ingosanduka chitsulo chokhala.

Akuluakulu a kuno amakumbukanso nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene zigawenga za Renamo zinadula njira ya ku Nacala, ndipo kuyambira m'chaka cha 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanjiyo. Timatama kulimba mtima kwawo, ndipo n'koyenera kutero. Koma msilikali ali kutchire amadya, amadwala, nsapato zimang'ambika, zipolopolo zimatha. Panali wina wake amene ankawerengera matumba a ufa ndi migolo ya dizilo kuti zifike pa tsiku lake. Ameneyo dzina lake simudzalimva m'nyimbo.

Ku ndege zankhondo nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko kulakwitsa pang'ono ndi maliro. Nthambi ya ndege ya asilikali athu inayamba m'chaka cha 1976 ndi thandizo la dziko la Germany, ndipo n'chifukwa chake ndege zambiri zimene akhala akugwiritsa ntchito zinali za mtundu wa Dornier. Kale inkatchedwa Air Wing, lero ndi Malawi Air Force, ndipo ili ndi malo ake ku Zomba ndi ku Lilongwe. Musaganize za ndege zoponya mabomba zija mumaonera m'mafilimu. Zathu ntchito yake yaikulu n'kunyamula asilikali ndi katundu, kunyamula akuluakulu a boma, ndi kupulumutsa anthu pa nthawi ya ngozi monga ya madzi osefukira.

Kuti ndege imodzi inyamuke, pamafunika magulu atatu a anthu amene satuluka pa zithunzi.

Oyamba ndi okonza maulendo. Awa ndi amene amaona kuti ndege ipita kuti, inyamula anthu angati ndi katundu wolemera bwanji, mafuta akwanira kupita n'kubwerera kapena ayi, nyengo ili bwanji kumene ikupitako, ndipo ikalephera kutera kumeneko ikatera pati. Amaonanso ngati oyendetsawo apuma mokwanira. Ndege si minibasi ya ku Balaka yoti kondakitala anene kuti "sunthani pang'ono alowe mmodzi." Kulemera kukapitirira muyeso, kapena katundu akaunjikana mbali imodzi, ndegeyo siimvera woyendetsa.

Achiwiri ndi oona za katundu ndi zipangizo. Inu amalonda a mu Limbe ndi ku Lilongwe amene mumakaoda ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ntchito iyi mukuidziwa kale. Mumadziwa kuti katundu amaitanitsidwa shelefu isanaume, kuti ndalama zakunja zikasowa zonse zimaima, ndi kuti papepala pakalakwika nambala imodzi katundu amagona pa boda. Kusiyana kwake n'kwakuti sipeya ya ndege sungaigule kwa mavenda. Kachitsulo kalikonse kamabwera ndi nambala yake komanso chikalata chotsimikiza kumene kachokera. Popanda chikalatacho, kangawale bwanji, sikaloledwa kumangidwa pa ndege. Malawi sapanga zitsulo zimenezi, ndiponso mafuta athu amachita kuchokera kumadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Tsono munthu wa ntchito imeneyi amayenera kuona patali miyezi yambiri, apo ayi ndege ya ndalama zankhaninkhani igona m'shedi chifukwa cha kamphira kochepa ngati chibangili.

Achitatu ndi aja mwana wa achemwali anga akuwanyoza: mainjiniya ndi amakanika, pamodzi ndi amene amayang'anira ntchito yawo. Galimoto timaikonza ikafa. Ndege amaikonza isanafe. Zitsulo zambiri zili ndi moyo wake wowerengedwa, zina pa maola amene ndege yauluka, zina pa maulendo amene yatera, zina pa kalendala basi, kaya zagwira ntchito kaya ayi. Nthawi ikakwana amachotsa, ngakhale chitsulocho chikuoneka chatsopano. Mafuta amayamba awayeza ngati mulibe madzi. Masipanala amawerengedwa poyamba ntchito ndi pomaliza, chifukwa imodzi ikasowa ndiye kuti mwina yatsalira mu injini, ndipo ndegeyo siinyamuka mpaka sipanalayo ipezeke. Chilichonse chimene chachitika chimalembedwa m'buku la ndegeyo, ndipo pamapeto pake munthu amasaina dzina lake kuti ndege iyi ili bwino. Minibasi ikazima pa Chingeni mumatsika n'kukankha. Kumwamba kulibe pambali pa msewu.

Wina anena kuti ndikukokomeza. Tiyeni tikumbutsane za pa 10 Juni 2024. Tsiku limenelo ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anafera pomwepo, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi mayi Shanil Dzimbiri. Atatu mwa iwo anali asilikali ogwira ntchito m'ndegemo, ndipo mmodzi wa atatuwo anali injiniya. Onani, wa girisi uja amakwera nawo ndege imene waikonza.

Nkhani ya ngoziyi ikadali m'kamwa mwa anthu, ndipo pano sindikuweruza munthu. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza, komanso komiti imene inatsogoleredwa ndi jaji Jabbar Alide, analoza kwambiri ku nyengo yoipa ndi ziganizo zimene zinapangidwa pa ulendowo. Koma m'lipoti la akatswiri a ku Germany muli kanthu kena kamene ophunzira ayenera kukasunga m'mutu. M'ndegemo munali kachipangizo kamene ntchito yake n'kulira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene yagwera. Batire la kachipangizo kameneka linali litatha nthawi yake m'chaka cha 2004. Zaka 20, abale anga. Batire silinagwetse ndege ayi. Koma tonse tikukumbuka mmene dziko linagonera m'maso usiku umenewo, ndegeyo n'kudzapezeka tsiku lotsatira. Tsiku lotha ntchito la batire ndi nkhani ya kaundula, ya sitolo ndi ya bajeti. Ndi ntchito ija timaitcha yapansi.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Kumadera ena a ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje kunalibe njira ina yofikirako koma ya m'mwamba kapena ya pamadzi. Anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia anatitumizira mahelikopita, ndipo tiyenera kuwathokoza. Komabe funso limene mayi wokhala padenga la nyumba madzi ali m'khosi amafunsa si lakuti dziko lathu lili ndi ndege zingati pa pepala. Iye akufuna kudziwa kuti zimene zingadzuke lero m'mawa ndi zingati. Yankho la funso limenelo lili m'manja mwa amakanika, a m'sitolo, ndi aphungu amene amagawa ndalama ku Nyumba ya Malamulo.

Vuto lathu Amalawi timakonda kugula kuposa kusamala. Pogula pamakhala mwambo, kudula riboni, azimayi kuvina. Posintha oyilo palibe amene amaitana atolankhani. Ndege ya pulezidenti ija inagulidwa m'chaka cha 2009 n'kugulitsidwa m'chaka cha 2013, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinaperekedwa chinali kukwera mtengo kwa kuisamala. Walira mvula walira matope. Wogula ndege wagulanso masipeya, maphunziro a amakanika ndi mabuku ake kwa zaka zonse zimene ndegeyo idzakhale ndi moyo.

Tsono kwa inu ophunzira amene mukuganiza za ntchito imeneyi, mvetsani izi. Choyamba, mukalowa kumeneko ndinu msilikali musanakhale china chilichonse. Mudzathamanga, mudzaguba, mudzametedwa mpala monga anzanu onse amene amadutsa ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, ndipo mudzapita kumene mwatumidwa, osati kumene mukufuna. Chachiwiri, limbikirani masamu, sayansi ndi Chingerezi. Mabuku okonzera ndege ndi ochindikala kuposa Baibulo, ndipo makanika wabwino sagwira ntchito mongokumbukira, amatsegula buku nthawi zonse. Amene mwaphunzira za magetsi, za injini kapena za kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, kaya ku MUBAS kaya ku sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ndi Soche, muli kale ndi poyambira. Chachitatu, dikirani chilengezo chenicheni cha Malawi Defence Force. Munthu akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akulowetseni usilikali, ameneyo ndi tambwali, gwirani thumba lanu.

Ubwino wake luso limeneli silitha ndi yunifomu. Munthu wodziwa kusamala zitsulo motsata buku, kapena kuyendetsa katundu kuchokera ku doko mpaka pamene akufunika, amafunidwa ku mabwalo a ndege, ku njanji, ku migodi ndi ku mabungwe othandiza pa ngozi.

Koma chachikulu chimene ntchitoyi imafuna si satifiketi. Ndi mtima wotha kukana. Taganizani sajeni wamng'ono ataima kutsogolo kwa bwana wa nyota zambiri paphewa, alendo olemekezeka akudikira, galimoto zaima pamzere, iye n'kunena kuti, "Pepani bwana, ndege iyi lero siinyamuka, sindisaina." M'dziko muno, mmene tinazolowera kuti wamkulu salakwa, mawu amenewa ndi olemera kuposa injini. Ngati tikufuna ndege zathu zizibwerera kumene zachokera, tiyenera kumuteteza sajeni ameneyu, kumulipira bwino, ndi kumupatsa sipeya imene wapempha nthawi isanathe. Atsogoleri nawo aphunzire kumva "ayi" popanda kusunga mangawa.

Mwana wa achemwali anga sindinamuletse za upailoti. Akakhoza, apite, ndipo ndidzakhala woyamba kudzitama pa msika wa Nkaya kuti mwana wathu akuuluka. Ndinangomupempha chinthu chimodzi, kuti m'mawa mwake alawirire ku siteshoni akaone amene amayamba kufika, dalaivala kapena aja a maovolosi.

Pondiperekeza anandiuza kuti anapitadi. Kenaka anakhala chete kanthawi, n'kundifunsa kuti, "Amalume, ndiye amene amasaina uja amaphunzira zaka zingati?"