Kusankha Nkhokwe ya Ukalamba: Zimene Ndidaphunzira pa Fomu ya Achemwali

Achemwali anga atayamba ntchito ya unamwino mumzinda wa Adelaide ku Australia, abwana awo adawapatsa fomu yoti asankhe thumba losungirako ndalama za penshoni. Kumeneko ndalama zimenezi amazitcha superannuation, kapena mwachidule super. Adandiimbira foni nati, "Mng'ono wanga, iwe umaphunzira za chiyankhulo, tandimasulira zimenezi." Sindikadakana chifukwa iwowa ndiwo amandilipirira sukulu, ndipo zimene amatitumizira kuno ndi zimene akadasunga. Mu nkhani ino ndifotokoza zimene tidapeza.

Tiyambe ndi momwe dongosololi limayendera. Mu 1992, boma la Paul Keating lidakhazikitsa lamulo lakuti wolemba ntchito aziika ndalama m'thumba la wantchito wake. Poyamba inali 3 peresenti ya malipiro, koma pa 1 Julayi 2025 idafika 12 peresenti. Boma limadulapo msonkho wa 15 peresenti, ndipo zotsalazo oyendetsa thumba amagulira masheya, nyumba ndi zina kuti zichuluke. Munthu wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 1964 amadikira mpaka zaka 60 kuti azitenge. Kwathu kuno lamulo la penshoni lidayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti.

Kuyambira mu 2005, antchito ambiri ku Australia ali ndi ufulu wosankha okha thumba. Matumba ena, monga AustralianSuper ndi HESTA, phindu lake limabwerera kwa mamembala, ndipo HESTA idakhazikitsidwira ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu. Ena ndi a makampani ofuna phindu la eni ake. Tsono munthu asankhe bwanji?

Choyamba, aone ndalama zimene thumba limadula chaka ndi chaka. Thumba lili ngati nkhokwe, ndipo zodulazo ndi anankafumbwe: saoneka tsiku limodzi, koma pophwasula nkhokwe mwini amapeza ufa wokhawokha. Pa madola 100,000, thumba lodula 1 peresenti limatenga madola 1,000 pa chaka pamene lodula theka la peresenti limatenga 500. Bungwe la boma la Productivity Commission, mu lipoti limene lidatuluka mu Januwale 2019, lidawerengera kuti kusiyana kwa theka la peresenti kotereku kungamudyere wantchito pafupifupi 12 peresenti ya ndalama zake pofika nthawi yopuma.

Chachiwiri, aone phindu limene thumba lapeza pa zaka zambiri, zodula zonse zitachotsedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thumba limene lachita bwino chaka chimodzi likhoza kukhala kuti lidangochita mwayi. Kuyambira mu 2021, bungwe loyang'anira matumba la APRA limayesa matumba a MySuper chaka chilichonse. Lolephera liyenera kulembera kalata mamembala ake, ndipo likalephera zaka ziwiri zotsatizana saliloleza kulandira mamembala atsopano. Zotsatirazi aliyense angazione pa tsamba la YourSuper la nthambi ya misonkho.

Chachitatu, asakhulupirire dzina. Apa ndi pamene maphunziro anga adagwira ntchito. M'matumba ambiri muli magawo otchedwa growth, balanced ndi conservative. Achemwali adakopeka ndi balanced poganiza kuti akutanthauza theka ku masheya, theka kumalo osagwedezeka. Titawerenga zikalata tidapeza kuti thumba lililonse limapereka tanthauzo lake ku liwuli, ndipo m'matumba ambiri gawo lalikulu la balanced limapita ku masheya ndi zina zokwera n'kutsika. Izi si zoipa kwa munthu wa zaka 31 amene ali ndi nthawi yodikira msika ukagwa, koma ayenera kudziwa chimene wasaina.

Chachinayi, aone inshulansi. Matumba ambiri amadula ndalama za inshulansi ya imfa ndi kulumala. Munthu wokhala ndi matumba awiri akhoza kulipira kawiri. Pofuna kuchepetsa vutoli, kuyambira pa 1 Novembala 2021 thumba limamutsatira munthu akasintha ntchito. Ubwino wake ndi woonekeratu, koma wosankha molakwa poyamba amayenda nacho cholakwacho mpaka atasintha yekha.

Pali chinanso chokhudza alendo. Wogwira ntchito pa chiphaso cha kanthawi akachoka m'dzikomo akhoza kutenga ndalama zake, koma kawirikawiri boma limadulapo 35 peresenti. Achemwali atamva izi adakhala chete kanthawi, pakuti maganizo awo onse ali pa kanyumba kamene akufuna kudzamanga kumudzi.

Pomaliza, tidalemba matumba atatu papepala, pambali pake zodula, phindu la zaka zambiri ndi inshulansi. Limene adasankha silidali lotchuka pa wailesi ya kanema, koma lidali lodula zochepa ndipo lidapambana mayeso a APRA. Ine ntchito sindinayambe, koma tsiku limene adzandipatse fomu ya penshoni ndidzafunsa kaye kuti amadula zingati pa chaka ndisanagwire cholembera.