Bwenzi Likapalamula Mlandu: Kukanena Kupolisi Kapena Kusunga Chinsinsi

Mlandu usanafike kupolisi, kawirikawiri pamakhala munthu wapafupi amene waudziwa kale. Angakhale mnzake wa kuntchito amene waona malisiti akusinthidwa, neba amene amamva kulira kwa mayi usiku ndi usiku, bwenzi limene lauzidwa chinsinsi pamowa, kapena m'bale amene wapemphedwa kusunga njinga yamoto yosadziwika kumene yachokera. Munthu wotereyu amasenza mtolo umene sanaufune. Akakhala chete, wolakwiridwa apitirira kuvutika. Akaulula, ubwenzi wa zaka zambiri ungathere pomwepo.

Chimene chimamanga pakamwa

Amalawi amakula akumva kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndiponso kuti chibale ndi fupa sichiola. Munthu wokanena mnzake amatchedwa kapirikoni kapena kazitape, ndipo mayinawa ali ndi mbiri yowawa. M'nthawi ya chipani chimodzi, chisanafike chaka cha 1994, kunenezedwa kunkatha kumufikitsa munthu kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ambiri anaphunzira kuti pakamwa potseka ndi pamene pamasunga moyo.

Palinso zifukwa za lero. Womangidwayo angakhale ndiye wodyetsa banja lonse. Ndende monga Maula, Chichiri ndi Zomba zimadziwika ndi kuthithikana, moti mu 2009 bwalo la milandu, pa mlandu wa Gable Masangano, linagamula kuti mkhalidwe wa m'ndende za dziko lino ukuphwanya ufulu wa akaidi. Woulula amaopanso kubwezeredwa, kusalidwa pamaliro ndi paukwati, kapena kutha masiku akupita kukhothi ngati mboni. Zonsezi ndi zoona, koma zimayang'ana anthu awiri okha: wopalamula ndi wodziwa. Munthu wachitatu, amene waberedwa, wamenyedwa kapena wagwiriridwa, ndiye amaiwalika msanga, chonsecho nkhani yonse yagona pa iye.

Pamene lamulo linalemba malire

Lamulo silikakamiza munthu kukanena kupolisi cholakwa chilichonse chimene wamva. Koma limasiyanitsa kukhala chete ndi kuthandiza wopalamula. Amene wabisa mnzake m'nyumba, kumupatsa ndalama yothawira kapena kumuwolotsa malire akudziwa kuti akufunidwa pa mlandu, wapalamula mlandu wakewake wothandiza wolakwa kuzemba chilango. Kusunga, kugula kapena kugulitsa katundu akudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu waukulu umene umagwetsa anthu ambiri amene ankangoti akuthandiza mnzawo. Kuwononga umboni, kunama pamaso pa bwalo, kapena kulandira ndalama kuti mlandu waukulu ukwiriridwe, zonsezi zili ndi chilango.

Pali nkhani zina zimene ngakhale kukhala chete kumene n'kulakwa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limalamula achibale, olera ana, achipatala ndi anthu a m'dera kuti akadziwa zoti mwana akuzunzidwa kapena kugwiriridwa, adziwitse oyenera, monga apolisi ndi a ofesi yosamalira anthu. Kuyambira mu 2017, malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wogwira ntchito m'boma amene wina wayesa kumupatsa chiphuphu amayenera kukanena, malinga ndi lamulo lothana ndi katangale. Nayenso munthu amene akudziwa kuti mnzake akukonza zopalamula mlandu waukulu, monga kupha kapena kuba moopseza, osachitapo kanthu kuti aletse, angaimbidwe mlandu.

Kuyeza kulemera kwa nkhani

Funso loyamba ndi lakuti pali amene akuvulala kodi, nanga kuvulalako kukupitirira? Mnyamata amene anathyola chimanga m'munda mwa neba chaka chatha safanana ndi bambo amene akugona ndi mwana womupeza mpaka lero. Pamene moyo kapena thupi la munthu lili pachiswe, makamaka mwana, wokalamba, wolumala kapena munthu wachialubino, tsiku lililonse lozengereza limalipiridwa ndi wozunzidwayo. Mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino amene anaphedwa ku Machinga mu 2018, unaonetsa kuti chiwembu chimakonzedwa ndi anthu odziwana: mwa anthu 12 amene bwalo lalikulu linawapeza olakwa mu 2022 munali m'bale wake weniweni.

Funso lachiwiri ndi la chimene munthuyo akudziwadi. Kuona ndi maso n'kosiyana ndi kumva zam'maluwa. Kupereka uthenga wabodza kupolisi mwadala ndi mlandu, ndipo munthu amene wasemphana ndi mnzake pa ngongole kapena pa chibwenzi ayenera kudzifunsa ngati chikumutuma ndi chilungamo kapena mangawa. Komabe wokanena safunika kukhala ndi umboni wokwanira kumangitsa munthu. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi. Iye amangonena zimene waona ndi kumva, osawonjezera mchere.

Funso lachitatu ndi la milandu imene imaoneka ngati yopanda mwini, monga kuba mankhwala m'chipatala cha boma kapena ndalama za boma. Anthu amaipeputsa chifukwa wolira saoneka. Nkhani ya Cashgate, imene inaululika mu 2013, inaonetsa mathero ake: mabiliyoni a makwacha anatuluka m'thumba la boma, mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti, ndipo ululu wake unafikira anthu wamba amene sanaonepo ngakhale tambala.

Njira zina zisanafike kupolisi

Si nkhani iliyonse yofunika chitokosi. Kutukwanizana, kulimbirana malire a munda, mbuzi kudya mbewu za eni, kapena kakuba kakang'ono pakati pa abale zimatha kukambidwa kwa nyakwawa, kwa gulupu, kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo ndi mzikiti. Ngakhale mabwalo a majisitireti ali ndi mphamvu yolimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu awiri. Koma kugwirira, kupha, kuvulaza kwambiri ndi kuba moopseza si nkhani zothera pabwalo la mfumu. Kulipitsa mbuzi munthu wogwirira mwana, kapena kumukwatitsa mwanayo kwa iye, ndi kukwirira mlandu.

Pamene palibe choopsa, kulankhula ndi mnzakeyo poyamba n'kothandiza, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Angauzidwe kuti abweze zimene anatenga kapena akadzipereke yekha, ndipo angaperekezedwe. Mabwalo amachepetsa chilango kwa munthu amene wavomera mlandu osataya nthawi, amene wabweza katundu, kapena amene ndi koyamba kupalamula. Njirayi siyenera pamene kuchenjeza wopalamula kungamupatse mpata woopseza wozunzidwa, wotaya umboni kapena wovulaza woululayo.

Kokanena ndi zotsatira zake

Nkhani ingakanenedwe pa polisi iliyonse kapena kwa a komiti ya chitetezo cha m'dera, amene amagwira ntchito ndi apolisi. Nkhanza za m'banja ndi zochitira ana zimapita ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, yodziwika kuti Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo imalandira nkhani za ana. M'zipatala zina zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane kumene wogwiriridwa amapeza achipatala, apolisi ndi aphungu pamodzi. Pamenepa nthawi ndi yofunika, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Za ziphuphu ndi katangale zimapita ku bungwe la Anti-Corruption Bureau, ndipo lamulo lake limaletsa kuulula dzina la wotsina khutu kapena kumuzunza chifukwa choulula.

Munthu angathe kutsina khutu osatchula dzina lake, ndipo izi zimathandiza kuyambitsa kafukufuku. Koma mlandu kukhothi umayenda ndi mboni. Amene anaona ndi maso angapemphedwe kupereka sitetimenti, kenako n'kuitanidwa kukaima pamaso pa mnzakeyo. Asanasayine sitetimentiyo, ali ndi ufulu woti amuwerengere zimene zalembedwa m'chilankhulo chimene amamva. Ngati akuopa kubwezeredwa, ayenera kunena poyambirira, chifukwa kuopseza mboni ndi mlandu ndipo bwalo limaganizira zimenezi popereka belo.

Kukanena mnzake sikuletsa munthu kumuthandiza m'njira zololedwa. Womangidwa amakhala wosalakwa mpaka bwalo litagamula. Ayenera kuuzidwa chifukwa chomumangira, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuonekera kubwalo pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene mabwalo sagwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wosauka angapemphe loya ku Legal Aid Bureau, ndipo madandaulo a nkhanza za apolisi amalandiridwa ndi Independent Complaints Commission komanso Malawi Human Rights Commission. Kumuyendera, kumupititsira chakudya ndi kuyang'anira ana ake sikusemphana ndi kuperekera umboni woona.

Pali choopsa china chimene wodziwa chinsinsi amayenera kuchiwerengera. M'matauni ndi m'midzi ya dziko lino, anthu oganiziridwa kuba akhala akumenyedwa ndi kuwotchedwa ndi magulu olusa apolisi asanafike. Wakuba amene anzake akumubisa lero angagwidwe mawa pamsika, kumene kulibe loya, belo kapena mwayi wodziteteza. Pachifukwa chomwechi, amene waganiza zoulula amayenera kupita nayo nkhani kwa oyenera okha, osati kuifalitsa pamsika, m'magulu a WhatsApp kapena pa Facebook, kumene ingayambitse chipolowe, kuwononga umboni, kapena kuulula dzina la mwana wozunzidwa limene lamulo limafuna kuti libisidwe.